Ulendo wa ku Wensleydale kwa munthu wopanda galimoto

Ngati mumakhala ku Leeds kapena ku Bradford, kumpoto kwa England, ndipo mukhoza kusankha tsiku lopuma, sankhani Lachiwiri. Limeneli ndilo tsiku la msika ku Hawes, katauni ka kumtunda kwa chigwa cha Wensleydale, ndipo ndi pomwe mungakumane ndi eni dera. Loweruka kumangodzaza alendo ojambula zithunzi.

Kwerani sitima yopita ku Carlisle pa siteshoni ya Leeds. Mukadutsa Settle siyani foni, chifukwa posachedwa sitima idutsa pa mlatho wa Ribblehead, wamiyala, wa mipata 24. Mukatsike pa Garsdale. Pamenepo palibe tauni, ndi mphepo ndi nkhosa basi, ndipo ku Hawes kwatsala makilomita ngati 10. Kuli kabasi kotchedwa Little White Bus komwe anthu a m'derali adayambitsa okha, ndipo ena mwa madalaivala ake ndi ongodzipereka. Yang'aniranitu nthawi yake pa intaneti musananyamuke, yopita ndi yobwerera yomwe. Jekete la mvula musasiye ngakhale kutacha bwino bwanji.

Mukafika, ine ndimati yambirani ku okushoni ya nkhosa, mashopu abwere pambuyo. Amene adaonapo malonda a fodya ku Kanengo sangadabwe ndi liwiro la wogulitsa, koma kuno ogula amangogwedeza mutu kapena kukweza chala pang'ono, ndiye manja anu akhale m'thumba. Nkhosa za nyanga zopindika, zakuda kumaso koma zoyera pamphuno, ndi za mtundu wa Swaledale. Ndi zomwezo zili pa chizindikiro cha paki ya Yorkshire Dales, malo otetezedwa momwe muli Hawes, yomwe idakhazikitsidwa mu 1954. Zimakhala kumapiri kopanda mipanda koma sizisochera, chifukwa mwana amaphunzira kwa mayi ake malo odyera a gulu lawo. Zazikazi zikaberekako kangapo, alimi amazikweretsa ndi mphongo za mtundu wa Bluefaced Leicester, ndipo ana aakazi obadwa pamenepo, omwe amawatcha Mule, amagulidwa ndi alimi a kumadera otsika kuti akawaberekere ana a nyama. Malonda aakulu a anawa amachitika mu Seputembala, ndipo kwa mabanja ambiri ndalama ya chaka imadalira masiku amenewo. Ubweya musauwerengere. Wa Swaledale ndi wokhakhala, umapita ku makapeti, ndipo nthawi zambiri mtengo wake sukwana kulipira wometa.

Kuchoka apo pitani ku fakitale ya tchizi, ulendo wa pansi wa mphindi zochepa. Luso lopanga tchizi lidabwera m'chigwachi ndi amonke ochokera ku France, omwe adakhazikika ku Jervaulx, kumunsi kwa chigwachi, mu 1156, ndipo poyamba ankagwiritsa ntchito mkaka wa nkhosa. Lero ndi wa ng'ombe. Fakitale ya ku Hawes idatsala pang'ono kufa kawiri. Mu 1935 Kit Calvert adasonkhanitsa alimi anzake n'kuipulumutsa. Mu 1992 eni ake adaitseka n'kusamutsira ntchitoyo ku Lancashire, koma chaka chisanathe ena mwa mamanijala ake akale adaigula n'kuitsegulanso. Pogula yang'anani dzina lakuti Yorkshire Wensleydale, lomwe lidatetezedwa ndi lamulo mu 2013. Tchizi yolembedwa Wensleydale yokha ikhoza kupangidwa kwina kulikonse. Ndi yoyera, yonyenyeka, yowawasira pang'ono. Anthu a kuno amadyera limodzi ndi keke ya zipatso, ndipo musaseke musanalawe.

Madzulo yendani wapansi kupita ku Hardraw, kamudzi komwe kuli mathithi, makilomita osapitirira atatu, kudzera m'minda. Apa ndi pomwe ambiri a ife timachita mantha, poganiza kuti tikulowa m'munda mwa mwini popanda chilolezo. Njira yomwe ili ndi chikwangwani cholembedwa Public Footpath ndi ya aliyense mwalamulo, ngakhale idutse pakhomo pa mlimi. Chanu n'kusapatuka. Geti mulisiye monga mwalipezera: lotseka mutseke, lotsegula musalikhudze, mwina mlimi walisiya dala kuti ziweto zikamwe madzi. M'madambo a udzu yendani mondondozana, chifukwa udzu umenewo ndi mbewu, adzaumweta kuti udyetse ziweto m'nyengo yozizira. Mukakumana ndi munthu mupatseni moni. Kumidzi ya kuno amayankha.

Mukuyenda choncho yang'anitsitsani mipanda yamiyala. Ilibe simenti ngakhale pang'ono. Ndi mizere iwiri ya miyala yotsamirana, pakati atathiramo timiyala, ndipo miyala yaitali imapingasa kumanga mbali ziwirizo. Tinyumba tamiyala tomwe tili patokhapatokha m'minda si ta anthu. Ndi makola akale: udzu wouma unkasungidwa momwemo, ng'ombe zochepa zinkagona momwemo nyengo yonse yozizira, ndipo manyowa ankamwazidwa m'munda womwewo osavutika kunyamula. Ambiri pano ali chabe, ena madenga adagwa, chifukwa thirakitala silowa pakhomo pake.

Mathithi a Hardraw Force amagwa kamodzi n'kamodzi mamita pafupifupi 30, ndipo kuti muwaone mumalipira kangachepe popeza ali pa malo a munthu. Pobwerera dutsani pa zenera la ogulitsa nyumba ku Hawes muone mitengo. Nyumba zambiri zidagulidwa ndi anthu a kumizinda zoti azipumuliramo kapena kubwereketsa alendo, ndipo achinyamata obadwira komweko amalephera kupikisana nawo. Ngati muli ndi ndalama yoti muwononge tsikulo, gulani kwa a pamsika ndi m'timashopu ta eni dera, kenako mukhale pa siteji basi yomaliza isanakwane nthawi, chifukwa taxi kumeneko ndi yochita kuitanitsiratu.