Kupanga chidebe chosungira nyambo yamoyo pa kayak, kabwato kopapatiza kopalasa ndi nkhafi

Asodzi anzanga, ambiri mumatunga madzi m'chidebe m'mamawa, n'kuponyamo tinsomba ta nyambo, koma dzuwa likamafika paliwombo mumapeza tonse tayandama, mimba m'mwamba. Ena amati tinali todwala kale. Ayi ndithu, chatipha ndi madzi okhalitsa. Chida chomwe ena amachitchula kuti livewell chimathetsa vutoli, ndipo mungathe kuchipanga nokha.

Madzi akamatentha, mpweya wa okosijeni umachepamo. Lita imodzi ya madzi opanda mchere imasunga mamiligalamu pafupifupi 9 pa madigiri 20, koma pa madigiri 30 imangosunga 7 ndi theka, pomwe nsomba kukatentha ndiye zimafuna mpweya wochuluka. Kuwonjezera apo, nsomba zimatulutsa amoniya m'thupi mwake, ndipo m'chidebe chotsekeka poizoniyu amangowunjikana. Kamakina kotulutsa thovu kamawonjezera mpweya, inde, koma amoniya sikamuchotsa, madzinso sikawaziziritsa. N'chifukwa chake ndimalangiza chidebe choti madzi atsopano azilowa, akale azituluka.

Pezani chidebe cha pulasitiki cha malita 20, chozungulira, choyera, chokhala ndi chivindikiro chogwira bwino. Choyera sichitentha msanga padzuwa. Kuzungulirako musakuone mopepuka: tinsomba tina sitileka kusambira, ndiye m'chidebe cha ngodya timangogunda mphuno pakona mpaka kufiira, mamba n'kuyamba kuyoyoka. Nyambo yotere ngakhale ikhale yamoyo, pambedza imangolendewera ngati chiguduli. Pachivindikiro dulani kakhomo koti kaukonde kazilowa, kuti musamatsegule chonse.

Tsopano za kulemera, ndipo pamenepa mumvetsetse. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mukadzaza chidebecho ndiye kuti mwasenzetsa kabwato kopapatiza makilogalamu 20, katundu wake wosakhazikika, woti bwato likapendekeka iyenso amathamangira komweko. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinaika chidebe chodzaza pamwamba pa kabokosi kumbuyo kwa mpando, ndipo nditangotembenuka kuti nditenge nyambo, kafunde kakang'ono kanabwera cham'mbali, ndinangozindikira ndili m'madzi, nkhafi ikuyandama uko, nyambo yonse itabwerera kwawo. Kuyambira pamenepo sindipitirira malita 12. Chidebe chikhale pansi penipeni, pakatikati, kumbuyo kwa mpando, chomangidwa ndi malamba awiri. Chikatalika kwambiri, chiduleni. Werenganinso kulemera komwe opanga bwato lanu analemba kuti lisapitirire, muwonkhetse thupi lanu, madzi, batire ndi zida zonse.

Pampu yoyenera ndi ija yaing'ono yopopera madzi m'maboti, ya mavoti 12. Zing'onozing'ono zake zimalembedwa magaloni 350 mpaka 500 pa ola, omwe ndi malita pafupifupi 1,300 mpaka 1,900. Pa chidebe cha malita 12 mphamvu imeneyi ndi yopitirira muyeso, tinsomba timatopa ndi kulimbana ndi mkokomo wa madzi. Mungathe kuiyendetsa ndi batire ya mavoti 6 kuti izipopa pang'onopang'ono, kapena kuika kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa pakapita timphindi, kapenanso kuika valavu yochepetsera madzi papaipi. Dziwani kuti pampu yamtunduwu siyamwa madzi ili pamtunda, imayenera kumira. Ena amailendeweretsa m'mbali mwa bwato, ena amadutsitsa paipi pa mabowo aja otulutsira madzi omwe amakhala pansi pa kayak yoti munthu amakhala pamwamba pake, osati mkati. Njira yachiwiriyi ndi yaudongo, koma mpweya ukalowa mupaipi pampu imangolira osakoka kanthu, mpaka mutapalasa mwamphamvu kuti madzi akwere. Kukamwa kwa pampu kulungani kasefa, chifukwa ndere ndi tizinyalala zimaitseka.

Boolani mabowo awiri. Lolowera madzi likhale chapamwamba, paipi yake yoloza cham'mbali kuti madzi azizungulira mofatsa. Lotulukira likhale pamlingo womwe mukufuna madzi azilekezera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaika mapaipi ofanana kukula. Madzi olowa amakankhidwa ndi pampu, otuluka amangoyenda okha, choncho ngati yolowetsa ndi ya mamilimita 19, yotulutsa ikhale ya 25 kapena 32. Mukapanda kutero chidebe chimasefukira m'bwato. Paipi yotulutsayo izitsetsereka mpaka kunja, isapindike. Mkati muikeko kasefa kuti nyambo isathawe, ndipo muzikapukuta pafupipafupi poti mamba amamatirira. Pomwe mapaipi alowera matani ndi guluu wosalowa madzi, mumusiye aume tsiku lathunthu.

Batire yotsekedwa ya mavoti 12, yolembedwa 7Ah (kuchuluka kwa moto womwe imasunga), ikamayendetsa pampu yodya maampu awiri mosalekeza imatha pakadutsa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kachipangizo kozimitsa kaja ndi komwe kangakufikitseni madzulo. Batireyo ikhale m'kabokosi kosalowa madzi, ndipo pawaya wofiira, pafupi ndi batire, pakhale fyuzi ya mlingo womwe walembedwa papampu. Mfundo zonse za mawaya zikutidwe bwino, makamaka ngati mumawedza m'madzi amchere, omwe amadya waya mofulumira. Switchi ikhale pomwe dzanja lifika musanapotoze thupi.

Musapite nacho kutali tsiku loyamba. Chiyeseni pabwalo kaye, pampu ili m'beseni, muone ngati pali podontha. Kenako pitani pamadzi osaya mutavala jekete yoyandamitsa, mudzaze chidebe, mupendeketse bwato mbali zonse kuti mumve mmene lasinthira. Yesaninso kukwera muli m'madzi chidebe chili pomwepo, chifukwa chimatha kutchinga mwendo.

Nyambo musaithithikize, yochepa yamphamvu imagwira ntchito kuposa yambiri yolefuka. Mukaona tinsomba tikubwera pamwamba kudzatsegula kukamwa, mpweya wachepa: yatsani pampu kapena chepetsani nsomba. Potenga gwiritsani ntchito kaukonde, osati manja odzola mafuta oteteza kudzuwa kapena mankhwala othamangitsa udzudzu. Yakufa ichotseni pompo. Kukatentha kwambiri ndipo pampu mwaizimitsa, ikanimo botolo la madzi oundana lotseka bwino, osathira ayezi mwachindunji, poti kuzizira kwadzidzidzi ndi klorini wa m'madzi apampopi zimapha nsomba.

Mukaweruka, nyambo yotsala kapena madzi ochokera kwina musazitaye m'nyanja kapena mumtsinje wina, chifukwa matenda ndi zamoyo zachilendo zimafala motero, ndipo m'madera ambiri malamulo amaletsa. Funsani oyang'anira zausodzi kwanuko. Chidebe chitsukeni ndi madzi okha, opanda sopo, muyendetse pampu m'madzi oyera kwa mphindi ziwiri, kenako muchisiye chotsegula kuti chiume. Batire ichajeni usiku womwewo, chifukwa ikakhalitsa yopanda moto imafooka.