Momwe mungakulitsire Wi-Fi yanu osadutsa malire a mphamvu

Wi-Fi ikamalephera kufika kuzipinda za kuseri kwa nyumba kapena ku ofesi ya tsidya la bwalo, anthu ambiri amathamangira kukweza mphamvu ya rauta, kabokosi kamene kamatulutsa Wi-Fi, mpaka pamapeto. Koma mafunde a wailesi timagawana ndi anzathu, n'chifukwa chake dziko lililonse limaika malire a mphamvu imene chipangizo chingatulutse. Kuno ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la MACRA, ndipo ku Zambia ili m'manja mwa ZICTA.

Choyamba, dziwani chimene lamulo limayeza. Silimayang'ana mphamvu ya rauta yokha ayi, koma mphamvu yonse yotuluka pa antena, imene akatswiri amaitcha EIRP. Kawerengedwe kake n'kosavuta: tengani mphamvu ya rauta, onjezerani mphamvu imene antena ikuwonjezera, kenako chotserani imene ikutayikira m'waya. Mwachitsanzo, malamulo a ku Ulaya amalola 20 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde), kutanthauza mamiliwati 100 (100 mW), pa mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz, pomwe a ku America amalola mpaka 36 dBm, yomwe ndi 4 W. Malire ogwira ntchito kwanu mufunse ku bungwe loyang'anira mafunde musanagule chilichonse, ndipo mu rauta musankhe dziko limene mukukhaladi. Kunamiza rauta kuti ili ku America pofuna mphamvu zambiri ndi kuphwanya lamulo, ngakhale achinyamata ena okonza intaneti amachita zimenezi mosaopa.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, kumbukirani kuti rauta ndi foni zimalankhulana mbali zonse ziwiri. Mukakweza mphamvu ya rauta yokha, foni imaonetsa timizere tonse ta netiweki, koma tsamba la pa intaneti silitseguka, chifukwa foniyo ili ndi batire laling'ono ndi kaantena kobisika m'kati, ndipo yankho lake silikufika kwa rauta. Zili ngati mfumu yolankhula pa chimkuzamawu pabwalo, anthu onse akuimva, koma iyo siikumva funso la gogo amene wakhala kumbuyo. Mankhwala ake ndi antena yabwino, chifukwa antena imathandiza potumiza ndi polandira pomwe, pamene lamulo limaika malire pa kutumiza kokha.

Tiyerekeze kuti malire anu ndi 20 dBm, mwagula antena yolunjika mbali imodzi ya 12 dBi (muyeso wa mphamvu imene antena ikuwonjezera), ndipo waya wake ukutaya 2 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu). Pamenepo tsitsani mphamvu ya rauta ifike pa 10 dBm, pakuti 10 kuphatikiza 12 kuchotsera 2 ndi 20. Potumiza mwakhala pa malire enieni, koma polandira rauta yanu yapindula 10 dB, kusiyana kwakukulu zedi tikaganizira kuti pamtetete popanda chotchinga 6 dB iliyonse imachulukitsa mtunda kawiri. Kukweza mphamvu kuchoka pa 50 mW kufika pa 100 mW kumangowonjezera 3 dB basi. Waya wa antena ukhale waufupi ndithu, ndipo ngati n'kotheka gulani chipangizo chapanja chokhala ndi antena yakeyake, chimene chimalandira magetsi kudzera m'waya wa intaneti womwewo.

Chachitatu, sunthani rauta. Ambiri amaiika pansi kuseri kwa TV, pafupi ndi soketi, pomwe khoma la njerwa zootcha, firiji ndi malata zimadya mafunde asanapite patali. Ipachikeni pamwamba, chapakati pa nyumba, kutali ndi zitsulo ndi thanki ya madzi. Ngati mukulumikiza nyumba ziwiri, antena zonse zikhale pamwamba pa denga moonana bwino, ndipo muganizirenso za mtengo wa mango umene uli pakati, chifukwa masamba ake akanyowa m'dzinja netiweki imafooka.

Chachinayi, sankhani tchanelo, kutanthauza kanjira ka mafunde kamene rauta imagwiritsa ntchito, chopanda phokoso. Pa 2.4 GHz matchanelo 1, 6 ndi 11 ndiwo sapondana, ndipo m'lifupi mwa tchanelo muike 20 MHz m'malo mwa 40 MHz kuti rauta isamatole phokoso la ma rauta a anansi. Pa 5 GHz pali malo ambiri, ndipo malamulo a ku Ulaya amalola mpaka 1 W pakati pa 5470 ndi 5725 MHz, koma pokhapokha mbali ya rauta yotchedwa DFS ikhale yoyatsa, kuti chipangizo chizichoka chokha pa tchanelo chikamva radar monga ya zanyengo. Musazimitse DFS imeneyi.

Pomaliza, yezani. Ikani pa foni pulogalamu yoonetsa mphamvu ya Wi-Fi m'ma dBm, yendani chipinda ndi chipinda, ndipo lembani manambala musanasinthe kanthu ndi mutasintha. Nambala ya -67 dBm kapena yoyandikira ku ziro kuposa pamenepo imakwanira kuimba foni ya pa WhatsApp mosadukaduka, koma ikafika cha ku -80 dBm mavuto ayamba. Ngati chipinda china chikukanabe, kokani waya mpaka kumeneko ndi kuikako rauta yachiwiri pa tchanelo china, ndipo zonse ziwiri muziike pa mphamvu yochepa kuti foni izisamukira mosavuta ku imene ili pafupi.