Kalembedwe ka ndemanga ya buku lachikondi loseketsa la zibwenzi za pa intaneti

Musanalembe chilichonse, dziwani chimene bukulo linakulonjezani. Buku lachikondi la mtundu uwu limalonjeza zinthu ziwiri: nkhani yaikulu ikhala chikondi cha anthu awiri, ndipo pamapeto awiriwo akhala limodzi mosangalala. Ngakhale bungwe la alembi a mabuku achikondi ku America, Romance Writers of America, limatanthauzira mtundu wa mabukuwa ndi mfundo ziwirizi. Choncho ndemanga yoti "ndinadziwiratu kuti akwatirana, ndalipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu" siithandiza aliyense. Zili ngati kubwera kuchokera ku chinkhoswe n'kumadandaula kuti anapatsana nkhuku. Funso loyenera ndi lakuti: kodi njira imene anadutsa kuti akafike kumeneko inakukhutiritsani? Ndemanga yonse iyankhe funso limeneli.

Powerenga

Khalani ndi pepala, kapena tsegulani polemba manotsi m'foni. Lembani tsamba, kapena peresenti ngati mukuwerengera pa Kindle (kachipangizo kowerengera mabuku) kaya pa foni, pamalo anayi: pamene awiriwo atumizirana uthenga woyamba, pamene aonana maso ndi maso, pamene bodza kapena chinsinsi chaululika, ndi pamene apepesana. Nambala zinayizi zimakuuzani msanga pomwe pali vuto. Nthawi zambiri kusemphana kwakukulu kumagwa chakumapeto, cha m'ma 70 kapena 80 peresenti. Kukafika pa 92, mlembi sakhalanso ndi malo okonzera zinthu, ndipo kukhululukirana kumaoneka kothamangitsa. Awiriwo akaonana pa 15 peresenti n'kusiyiratu kulemberana, ndiye kuti nkhani ya intanetiyo inali nyambo chabe yogulitsira buku, ndipo wogula ayenera kuuzidwa zimenezi.

Lembaninso malo atatu omwe munaseka, kapena omwe mlembi anafuna kuti museke koma inu nkhope gwa.

Mauthenga ndiwo mtima wa bukulo

Apa m'pamene owerenga ambiri amangodutsapo, chonsecho m'pamene buku lotere limapambanira kapena kugwera. Anthu awiriwa sanaonane, sanagwirane dzanja, sadziwana mawu. Chomwe mlembi ali nacho kuti atikhulupiritse kuti akukondana ndi mauthenga basi.

Yesani chonchi. Sankhani tsamba limodzi la mauthenga, phimbani mayina ndi chala, muwerenge mokweza. Kodi mukutha kudziwa amene akulankhula? Ngati mnyamata ndi mtsikana akuseka nthabwala za mtundu umodzi, ziganizo zotalika mofanana, onse ochenjera pakamwa mofanana, ndiye kuti amene akulankhula ndi mlembi yekha, ampangankhani ake alibe mawu awoawo. Mlembi waluso amasiyanitsa: wina amalemba uthenga umodzi wautali wokhala ndi zizindikiro zonse za m'kalembedwe, mnzake amaponya timauthenga tisanu motsatizana, kenako n'kufufutapo kamodzi. Wina amayankha nthawi yomweyo, wina amawerenga n'kukhala chete mpaka m'mawa. Kukhala chete kumeneko nakonso ndi nkhani. Aliyense amene anayang'anapo tiki ziwiri zabuluu pa WhatsApp yankho osabwera amadziwa kulemera kwake, ndipo buku labwino limakugwiritsa ntchito.

Onaninso ngati mauthengawo akukula. A m'mutu wachitatu ndi a m'mutu wa 15 sayenera kufanana. Poyamba amagemulana, kenako wina amaulula kanthu komwe sanauzepo munthu, monga ngongole, matenda a mayi ake, kapena ntchito imene anachotsedwa. Akangokhalira nthabwala mpaka kumapeto, chikondicho simuchikhulupirira, ndipo mu ndemanga mukhoza kunena chifukwa chake mosapita m'mbali.

Chinanso ndi malamulo a pulogalamu ya chibwenziyo. Pa Tinder, yomwe inayamba mu 2012, mwachizolowezi anthu amayamba kucheza pokhapokha onse awiri atasankhana. Bumble, ya mu 2014, inatchuka chifukwa chakuti pakati pa mwamuna ndi mkazi, mkazi ndiye ankayamba kulemba, pasanathe maola 24. Alembi ambiri amapeka pulogalamu yawoyawo kuti apewe zimenezi, zomwe sizolakwika, bola asunge malamulo omwe aika okha. Ngati mutu woyamba wati pulogalamuyi siionetsa zithunzi, mutu wa 9 usatiuze kuti mtsikana anamuzindikira pa chithunzi.

Ndiye pali funso lomwe owerenga amakono amafunsa nthawi zonse: bwanji sanangoimbirana pa vidiyo? Miyezi itatu anthu akucheza usiku uliwonse, palibe wapempha kuona nkhope ya mnzake, palibe walemba dzina lake pa Google? Mlembi ayenera kupereka chifukwa chomveka, kaya anapangana, kaya wina ndi wodziwika ndipo akubisala. Akapanda kupereka, chitchuleni. Ndi chilema chenicheni.

Bodza

Pafupifupi buku lililonse lotere lili ndi bodza pakati pake: dzina labodza, chithunzi cha mnzake, kapena munthu amene akucheza naye usiku ndi yemwe uja amadana naye masana kuntchito. Apa m'pamene owerenga amagawanika kwambiri, ena nyenyezi zisanu, ena imodzi, buku lomwelomwelo. Kuti ndemanga yanu isangokhala mkwiyo, yankhani mafunso awa. Ndani anayamba kudziwa zoona, ndipo anakhala nazo mitu ingati asanaulule? Kodi anagwiritsa ntchito zinsinsi zomwe anauzidwa pa foni kuti amukope mnzakeyo pamaso? Wonamizidwayo anataya chiyani? Nanga kupepesako kunali kuvomera kulakwa, kapena maluwa ndi kulankhula pagulu kuti mnzakeyo achite manyazi kukana? Kubisa kwa mitu iwiri chifukwa cha mantha owerenga ambiri amakukhululukira. Kubisa theka la buku uku ukudyerera mnzako ndi nkhani ina, ndipo mlembi akafuna kuti tiseke pamenepo, muli ndi ufulu wonena kuti inu simunaseke.

Pa nthabwala musataye mawu ambiri. "N'loseketsa" sichiuza munthu kanthu. Nenani mtundu wake, kaya ndi kugemulana, kaya ndi maulendo okaonana ndi anthu osalongosoka omwe mtsikana akukumana nawo asanapeze wake, ndipo perekani chitsanzo chimodzi chachifupi kuchokera koyambirira kwa buku.

Mawu amodzi kwa ife owerengera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete. Mabuku ambiri otere nkhani yake imachitikira ku London kapena New York, komwe anthu amatha kufika pa ukwati popanda ankhoswe kapena malume kulowapo. Mukhoza kunena kuti zinakudabwitsani, koma musachotsere bukulo nyenyezi chifukwa chosatsata mwambo womwe silinalonjeze.

Nyenyezi

Goodreads, webusaiti yolembapo ndemanga za mabuku yomwe inatsegulidwa mu 2007 ndipo Amazon inaigula mu 2013, imagwiritsa ntchito nyenyezi zisanu, ndipo matanthauzo amene inaika ndi awa: imodzi, sindinalikonde, ziwiri, linali choncho, zitatu, ndinalikonda, zinayi, ndinalikonda kwambiri, zisanu, linali lapamwamba. Onani kuti zitatu si kunyoza. Ngati maganizo anu ali pakati, lembani pamzere woyamba kuti "3.5, ndakweza kufika 4" ndi chifukwa chake. StoryGraph, webusaiti ina yofanana ndi Goodreads, imalola theka ngakhale kota ya nyenyezi. Dikirani tsiku limodzi musanapereke. Mabukuwa amatha ndi chimwemwe, ndipo chimwemwe cha mutu womaliza chimaiwalitsa masamba 100 a pakati omwe munkayasamula.

Kulemba kwenikweni

Mawu 150 mpaka 300 ndi okwanira. Chiganizo choyamba chinene chigamulo chanu ndi amene bukulo lingamukomere. Ziganizo ziwiri zifotokoze poyambira nkhani, osapitirira zomwe zalembedwa kuchikuto chakumbuyo. Kenako chomwe chinayenda bwino ndi chitsanzo chake, chomwe sichinayende ndi chifukwa chake. Nenani ngati nkhani ikukambidwa ndi mpangankhani mmodzi kapena onse awiri mosinthana, chifukwa m'buku la bodza zimasintha zambiri: tikamamva maganizo a wonamayo, timamumvera chisoni msanga. Nenaninso ngati za kuchipinda zafotokozedwa poyera kapena mlembi amatseka chitseko. Pali ogula ambiri amene amasankha buku pa mfundo imeneyi yokha, ena pofuna, ena popewa.

Kunena kuti awiriwo akhala limodzi si kuulula chinsinsi. Kuulula ndi kunena kuti wobisala kuseri kwa dzina labodza ndi ndani, kapena bodza lidziwika bwanji. Pa Goodreads pali kabokosi kobisa ndemanga yonse, komanso njira yobisa ziganizo zochepa zokha, yomwe ndi yabwinopo chifukwa ndemanga yobisidwa yonse ambiri saitsegula. M'gulu la Facebook kapena WhatsApp lembani chenjezo pamwamba, musiye mizere ingapo yopanda kanthu, zoululazo zikhale pansi.

Ngati bukulo munapatsidwa ulere ndi mlembi, wosindikiza kapena kudzera pa NetGalley (webusaiti yopereka mabuku kwa olemba ndemanga), nenani pachiyambi. Ngati simunalimalize, lembani pomwe munalekezera ndi chomwe chinakuletsani, ndipo musaweruze mathero omwe simunawaone. Ndemanga ikakhala yodzudzula, musamutchule mlembi m'njira yoti uthengawo umufikire pa tsamba lake. Mwalembera owerenga anzanu omwe akufuna kudziwa ngati agule kapena ayi.