Musanagule makina oziziritsa pa bizinesi yanu ku America, yambani mwafunsa kampani ya magetsi

Malangizo awa ndikulembera abale athu amene ali ndi sitolo, malo odyera, ofesi kapena nyumba ya tchalitchi ku United States, kumene kutentha kwa mu Julaye ndi Ogasiti kumachititsa makina oziziritsa mpweya kulira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Makampani ambiri a magetsi kumeneko amabwezera kasitomala gawo la ndalama zake akagula makina osadya magetsi ambiri, ndipo ndalama yobwezedwayo amaitchula kuti rebate. Ndalama imeneyi ndi yanu kale, pakuti imachokera pa kandalama kamene makasitomala amalipira pa bilu mwezi ndi mwezi, kotero amene safunsako amangosonkhera anzake. Kampani nayonso imapindula, chifukwa masana otentha, pamene nyumba zonse zayatsa makina nthawi imodzi, ndi pamene mawaya ndi malo opangira magetsi amalemedwa kwambiri, ndipo kupeputsa katundu ameneyu n'kotchipa kusiyana ndi kumanga malo ena opangira magetsi.

Ndondomeko zake zimasiyana malinga ndi dera. Ku Massachusetts kuli Mass Save, ku Wisconsin kuli Focus on Energy, ku Oregon kuli Energy Trust of Oregon, pamene ku Chicago kampani ya ComEd imayendetsa yokha ndondomeko yake. Amene sakudziwa poyambira ayang'ane pa DSIRE, nkhokwe ya pa intaneti imene imasungidwa ndi North Carolina State University.

Chimene ndikufuna chikhazikike mumtima mwanu ndi nthawi yoyenera kufunsira rebate. Pali rebate ya mtengo woikidwiratu, yomwe imaperekedwa potengera kukula ndi luso la makina amene ali pa mndandanda wa kampani, ndipo pali ina ya ntchito zikuluzikulu, monga kusintha chiller (makina aakulu oziziritsa madzi amene amaziziritsa nyumba yonse) ya nyumba yosanja, yomwe amawerengera magetsi amene apulumutsidwe pa chaka. Pa mtundu wachiwiriwu, ngakhalenso pa woyambawo ndalama ikakhala yochuluka, makampani ambiri amafuna kuvomereza ntchitoyo isanayambe, ndipo ena amatumiza munthu kudzaona makina akale akadali pamalo pake. Ndinaona m'bale wina wa malo odyera amene makina ake anafa Lachisanu masana, makasitomala akudzikupiza ndi mapepala a zakudya. Anaitanitsa makina amene anapezeka mwamsanga, akale aja anatengedwa kukatayidwa tsiku lomwelo, ndipo pamene anadzakumbukira za fomu yofunsira rebate, panalibenso choonetsa. Sindimuimba mlandu, pakuti munthu amene bizinesi yake yaima alibe mpata wowerenga malamulo. Koma makina okalamba amachenjeza asanafe, ndipo miyezi yozizira ndiyo yoyenera kukonzekera, makontilakita asanapanikizike.

Manambala a makina asakuopseni. Kukula kwake amakuyeza m'matani, ndipo tani imodzi ndi BTU 12,000 pa ola (BTU ndi muyezo wa kutentha kumene makina amachotsa m'nyumba), kapena kuti pafupifupi makilowati 3.5 a kuziziritsa. Makina aang'ono osafika BTU 65,000 amayezedwa luso ndi SEER2, muyezo umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2023, pamene akuluakulu a padenga amayezedwa luso ndi miyezo ina iwiri, EER ndi IEER. Nambala ikakhala yokwera, makinawo amadya magetsi ochepa pa ntchito yofanana. IEER ndi yofunika kwambiri chifukwa imaonetsa mmene makina amachitira pamene sakugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndipo masiku ambiri a chaka amakhala otero. Pa makina a BTU 65,000 mpaka 135,000 opanda chotenthetsera cha gasi, boma linakweza IEER yochepetsetsa kuchoka pa 12.9 kufika pa 14.8 mu 2023. Choncho wogulitsa akanena kuti makina ake ndi ovomerezeka ndi boma, dziwani kuti wangokuuzani za malire apansi, ndipo rebate nthawi zambiri imaperekedwa pa makina opitirira malirewo. Pemphani satifiketi yotsimikizira manambala a makinawo yochokera ku AHRI, bungwe la makampani opanga makina oziziritsa ndi otenthetsa, ndipo ngati ali a zigawo ziwiri, cha kunja ndi cha m'kati, onetsetsani kuti satifiketiyo ikutchula zigawo zonse ziwiri pamodzi.

Musanasayine kalikonse, kwerani padenga pamodzi ndi kontilakita wanu. Pambali pa makina mupeza kachitsulo kolembedwa mtundu, nambala ndi kukula kwake, kawirikawiri katasuluka ndi dzuwa. Pukutani fumbi ndi chala, mujambule ndi foni, chifukwa chithunzi chimenecho chidzafunika pa fomu. Mufunseni kontilakitayo awerengere kuziziritsa kumene nyumbayo ikufuna lero, osangotengera kukula kwa makina akale. Ngati munasintha mababu kukhala a LED kapena munakonza denga, kutentha kwa m'nyumba kunatsika, ndipo makina aakulu mopitirira muyeso amangoyaka ndi kuzima pafupipafupi, amasiya chinyontho mumpweya, ndiponso amakweza gawo la bilu lotchedwa demand charge, limene amalipiritsa potengera mphindi zochepa zimene munakoka magetsi ambiri m'mwezi wonse. Mufunsenso za economizer, kachitseko kamene kamalowetsa mpweya wakunja kukazizira kuti kompresa, injini yopopa gasi woziziritsa, ipume, pakuti m'madera ambiri zida zoyendetsera kachitseko kameneka zili ndi rebate yakeyake.

Amene mukuchita lendi, werengani pangano lanu kuti muone amene ali ndi udindo wosintha makina, chifukwa ndalama imatsata nambala ya akaunti ya magetsi ya nyumbayo, ndipo ndi bwino inu ndi mwini nyumba mulemberane za amene adzalandire cheke ntchito isanayambe. M'madera ena rebate imachotsedweratu pa mtengo kwa wogulitsa, motero muiyang'ane pa invoisi kuti muone ngati yafikadi kwa inu. Invoisiyo ilembe nambala ya makina aliwonse payokha, ndipo fomu yomaliza muitumize ntchito ikangotha, pakuti thumba la ndalama za rebate la chaka chilichonse lili ndi malire ndipo nthawi zina limatha chaka chisanathe.