Momwe mungabwezeretsere munda wa makolo ndi dambo lake ku Nkhotakota

Munda wa makolo athu sunali wa chimanga chokhachokha. Kumtunda kunkakhala chinangwa cha kondowole, nandolo ndi maungu m'mizere, misangu italitali, ndipo kumunsi ankasiyako dambo lomwe linkamera tsekera, bango ndi maluwa akutchire. Lero m'madera ambiri a m'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera ku Benga kudutsa ku Chia mpaka ku Dwangwa, khasu lafika m'mphepete penipeni mwa madzi, ndipo nkhwali, njuchi ndi agulugufe zasowa pokhala. Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga pofika 2030, koma ntchito yeniyeni imachitikira pamunda wa banja limodzi, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo si kugula mbande.

Choyamba, yenderani munda wonse m'mwezi wa Meyi kapena Juni mutatengana ndi munthu wachikulire amene anaudziwa kale. Iyeyo adzakulozerani pamene panali kasupe, pamene madzi ankadekha ndi pamene pankamera bowa. Poyendapo muike chizindikiro pa chitsa chilichonse chimene chikuphukira.

Mukatero, pitani kwa a mfumu ndi kwa eni minda yoyandikana nanu musanagwire china chilichonse. Moto wa osaka mbewa ndi mbuzi zomasulidwa chilimwe sizidziwa malire, choncho munthu amene wayamba yekha amangolimira lupsa. Ngati m'mudzi muli komiti yoona zachilengedwe, pemphani kuti malamulo a moto ndi ziweto akambidwe pabwalo, chindapusa chake chidziwike kwa aliyense. Kenaka lambulani njira yotchinga moto, yotambalala mamita osachepera 4, kuzungulira malo amene mukufuna kuteteza, ndipo ntchitoyi ithe udzu usanaumitsitse komanso mphepo ya mwera isanalimbe.

Pazitsa ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo mpofunika kudekhapo. Chitsa cha mtondo, chitimbe, mphakasa kapena mthethe chimene mwakhala mukuchisadza chaka ndi chaka chili ndi mizu yakale yozama, motero mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu, ndipo sizifuna kuthirira. Njirayi inatchuka ku Niger m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, ngakhale kuti agogo athu ankaichita osaipatsa dzina. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zotsalazo mudule ndi chikwanje chakuthwa, mukutema chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Pa mphukira zosankhidwazo chotsani nthambi zam'munsi mpaka theka la msinkhu wake, osapitirira pamenepo, chifukwa mtengo wometedwa kwambiri umathyoka ndi mphepo. Mangirirani kansalu kofiira kuti wofuna nkhuni adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini. Bwererani pakatha miyezi ingapo kukachotsa zophukira zatsopano, zomwe n'kukhalanso nkhuni zanu zoyamba. Msangu wokha musaudule ngakhale utamera pakati pa mzere, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, sutchinga dzuwa ku chimanga, ndipo masambawo ndi manyowa.

Chotsatira ndi kugwira madzi kumtunda. Ikani akalozera, mizere yopingasa malo otsetsereka, pogwiritsa ntchito feremu ya A, chipangizo chamitengo chooneka ngati chilembo A choyezera kulingana kwa nthaka, dzalanimo vetiva mvula ikakhazikika, ndipo mizere ina yonse itsate akalozerawo, yokhala ndi ngonyeka. Mapesi asatenthedwe, agonekeni pansi. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuthandizeni kuyeza mzere woyamba.

Tsopano dambo. Apa pamavuta mtima, chifukwa ndi pamene pali chinyontho cha dimba ndi mpunga, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mulisiye lonse. Chofunika ndi kusiya lamba wosalimidwa m'mbali mwa madzi, wotambalala momwe mungathere, kuti udzu ndi bango zisefe matope. Matope amenewa akalowa mumtsinje wa Bua amakwirira timiyala ta pansi pomwe mpasa umaikira mazira ukakwera kuchokera kunyanja, motero mlimi wakumtunda ali ndi gawo pa ndiwo ya msodzi. M'lambamo musadzalemo bulugama, chifukwa amamwa madzi ambiri. Katope, mkuyu ndi mbawa ndiyo mitengo ya malo otero. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma odzala mochedwa amataya mbande zambiri, choncho dzalani mu Januwale.

Maluwa akutchire sagulidwa kusitolo. Ambiri amabwerera okha moto ukaleka, popeza njere ndi mizu yake zimakhala zikadali m'nthaka. Pamene paguga kwambiri, mwetani udzu wokhwima njere kudambo lina lapafupi lomwe silinaonongeke, mutapempha eni ake, ndipo muuyale pamalo oyerawo mvula ya chizimalupsa isanagwe. Udzu wofolera uzimwetedwa kamodzi pachaka, njere zitayoyoka, ndipo chigawo chimodzi chizisiyidwa chosamweta kuti nkhwali ndi nkhanga zipeze pobisala. Chisoso, luni, denje ndi bonongwe zomera m'mphepete musazione ngati tchire lopalira, chifukwa ndi ndiwo zaulere, ndipo maluwa ake njuchi zimawakonda.

Anthu akamva za nyama zakutchire kuno amaganiza za njovu, makamaka chichokereni pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Zimenezo zili ndi mpanda wake. Za pamunda panu ndi zazing'ono: achule, akadzidzi amene amatha mbewa usiku, ndi njuchi zimene zimabereketsa maungu ndi nandolo. M'chaka chachiwiri pachikani ming'oma iwiri kapena itatu pamthunzi, kutali ndi njira ya ana asukulu, ndipo pewani kupopera mankhwala mbewu zikamachita maluwa. Uchi ndi udzu wofolera woyamba mugawireko anansi amene anakuthandizani kulambula njira ya moto, popeza Meyi akafikanso mudzawafuna ndi makasu awo.