Mmene Mungatetezere Mawere ku Chiwawu

M'madera a mapiri monga ku Chitipa, chiwawu cha mawere, chomwe chimayamba ndi fangasi (tizilombo ta mtundu wa nkhungu), chimafala kwambiri mvula ikamagwa mowirikiza ndipo mame akamachedwa kuuma. Yenderani munda kawirikawiri, mukuyang'ana mawanga otuwa pakati, osongoka mbali zonse, pamasamba. Choopsa kwambiri ndi pamene khosi la ngala lada, chifukwa chakudya sichifikanso kunjere ndipo ngala yonse imangokhala mphwepwa.

Musasunge mbewu yochokera m'munda wodwala, popeza matendawa amayenda ndi njere. Bzalani ndi mvula yoyamba, patulirani mbewu kuti mphepo izidutsa, palirani msanga, ndipo musachulutse feteleza wa yureya. Mukakolola, kwirirani mapesi, kenako chaka chotsatira mubzalemo nyemba kapena mtedza.