Mimba ikafufuma mutabayitsa ma jakisoni a IVF, chitani izi

Amayi anzanga omwe mwayamba ma jakisoni okhwimitsa mazira aja a IVF, njira ija yokumanitsa dzira ndi umuna ku labu kenako nkuika kamluza mchiberekero, kaya muli ku Joni kaya ku India, pali vuto lina madokotala amalitchula kuti OHSS, kutanthauza kutupa kwa timatumba ta mazira chifukwa cha mankhwalawo, ndipo ambiri amalimva koyamba ali kale pa bedi. Nkhani yake ndiyoti mankhwala aja amapangitsa timatumba ta mazira kugwira ntchito mopyola, ndiye jakisoni womaliza uja wa hCG, homoni yomalizitsa kukhwimitsa mazira, akalowa, mitsempha ya magazi imayamba kudontha madzi, madziwo nkumadzaza mmimba, nthawi zina mpaka mchifuwa, magazi otsala mmitsempha nkukhala okhathamira.

Omwe amapezeka nalo kwambiri ndi achitsikana, omwe ali ndi PCOS (vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kusamba ndi kukhwima kwa mazira), omwe anawachotsa mazira ambiri ngati 20 kupita mtsogolo, komanso amene zinawachitikirapo kale. Kufufuma pang'ono ndi nseru zimachitikira anthu ambiri ndipo zimatha zokha. Zoopsa ndi zinazi.

Gulani sikelo ya kubafa ndi tepi ya telala. Mmawa uliwonse mukangochoka kuchimbudzi dziyezeni, kenako zungulizani tepi pa mchombo, lembani mkabuku. Zikuoneka zachibwana koma mukaona kuti mwawonjezera kilo imodzi tsiku limodzi, amenewo si mafuta ayi, ndi madzi, imbani foni ku kiliniki tsiku lomwelo. Onaninso mkodzo, ukayamba kuchepa nkumatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso zayamba kuvutika. Kusanza osasiya, kubanika mukagona chagada, mwendo umodzi kutupa nkumapweteka, kapena khosi ndi mkono kutupa, izi musadikire kuti kuche.

Za ululu imwani panado. Brufen ndi diclofenac ayi chonde, amaonjezera mavuto ku impso, ndipo ndi omwe timathamangira ku golosale mutu ukangoti pang'ono. Madzi imwani mukamva ludzu, osachita kudzikakamiza malita ambirimbiri. Yendani pang'onopang'ono mnyumba, kugona tsiku lonse kumathandiza magazi kuundana, koma zothamanga, kunyamula ndowa ndi zakuchipinda muyambe mwasiya, abambo amve bwino apa, chifukwa thumba la mazira likatupa limatha kudzipotokola ndipo imeneyo ndi ya opaleshoni.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi ichi. Vutoli likayamba mkati mwa sabata yoyamba chibayireni jakisoni wa hCG, lachitika chifukwa cha jakisoniyo, ndipo ngati mimba sinagwire limatha mukasamba. Koma likabwera patatha masiku 10 kapena kuposa, nthawi zambiri ndiye kuti mimba yagwira ndipo thupi lanu likupanga hCG yakeyake, ndiye limakhalitsa masabata ndipo limakula, makamaka akakhala mapasa. Ndichifukwa chake dokotala akaona mazira achuluka amati tiwumitse kaye onse mu firiji, tidzaike mwezi wina. Zimawawa kumva mutalipira ndalama zonse zija ndi tikiti yobwerera ili mmanja, koma ine ndinganene kuti vomerani. Funsaninso ngati angasinthe jakisoni womaliza uja, ndi za mapilisi a cabergoline othandiza kupewa vutoli, ndi zoika kamluza kamodzi osati awiri.

Nanga mwana? Madzi aja samufikira, ndipo ambiri amabadwa bwinobwino. Koma amayi omwe anadwala OHSS yaikulu amakhala pachiopsezo chokwererapo cha BP ya pakati ija amati pre-eclampsia, komanso kubereka masiku asanakwane, mwana nkubadwa wochepa thupi. Ndiye kusikelo musabise kuti mimbayi ndi ya IVF, ndikudziwa ena safuna apongozi amve, koma namwino si apongozi. Muwauze akuyezeni BP ndi mkodzo ulendo uliwonse, ndipo mutu ukamawawa kwambiri, maso kuchita chidima kapena nkhope kutupa, pitani.

Musananyamuke kubwerera kumudzi pemphani kalata yolemba mankhwala onse omwe munabayidwa, tsiku lake ndi mazira angati anachotsa, chifukwa dokotala wakuno akangoona mimba yodzaza madzi popanda kalatayo atha kuyamba kufufuza zina. Ngati anakupatsani ma jakisoni a heparin oletsa magazi kuundana, funsani kuti mubaya mpaka liti, ambiri amapitiriza miyezi itatu yoyambirira ya mimba, ndipo muwauze ngati mukukwera basi ya masiku awiri ija kapena ndege.